Funsani Amakaniko: Kutsogolo kwatukuka, ndidule masipuling'i?

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa anthu osunga timagalimoto takale tothamanga tija, ndipo onse akulira chinthu chimodzi, kutsogolo kwa galimoto kukukana kukhala pa msinkhu wake. Wina kwakwera, wina kwapendekeka, wina akufuna kutsitsa dala. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa poti anatalika kwambiri.

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi MGB ya 1971 yopanda denga ija. Ndinamasula zonse za kutsogolo, ndaika masipuling'i atsopano, mabushi atsopano, timalabala ta molumikizira tija, ma kingpin, tizitsulo toimirira tomwe wilo imakhoterapo, ndasinthanso, ndapenta mpaka kuwala. Koma nditaitsitsa pa jeke yaima mphuno ili m'mwamba, pakati pa tayala ndi mudigadi pakulowa chibakera chonse pomwe kale pankalowa zala zitatu basi. Injini ilimo koma radiyeta, boneti ndi bampala sindinabwezere. Mnzanga akuti tingodulako koyilo imodzi mbali zonse ndi girayinda nkhani ithe. Ndidule? — Wa MGB yofiira

YANKHO: Akulu, girayindayo muibwezere pomwe munaitenga ndipo mnzanuyo mumuuze adikire kaye. Galimoto yanu sinathe kumangidwa ndiye msinkhu womwe mukuuonawo si wake. Radiyeta ndi madzi ake, bampala yachitsulo, boneti, zonsezo zimakhala kutsogolo kwenikweni ndipo ndi mbali ya katundu yemwe masipuling'iwo anawerengeredwa kuti anyamule. Mukadula lero, tsiku lomwe mudzabwezere zonsezo idzagwada, nde mudzayambanso kusaka masipuling'i ena.

China chomwe anthu ambiri sachilabadira, galimoto ikangotsika pa jeke siyima pa msinkhu wake olo zonse zitakhala bwinobwino. Tayala likamalendewera m'mwamba limakhala litakokekera mkati, likagunda pansi limafuna litsetserekere kunja pang'ono kuti wishbone, mkono uja wolumikiza wilo ku galimoto, ikhazikike koma labala wagwira kale simenti ndiye sizitheka, galimoto imangotsala itakakamira m'mwamba. Ikankheni mamita angapo kutsogolo, mubwerere nayo, mudinikize pakona iliyonse kangapo ndi thupi lanu, kenaka muyang'anenso. Anthu ena vuto limathera pompa.

Koma chomwe ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu ndi mabushi. Simunanene, koma ndikukhulupirira kuti manati onse munawalimbitsa galimoto ili pa masitandi matayala akulendewera, poti ndi pomwe sipanala imalowa bwino, eti? Bushi ya labala siizungulira pa bawuti ngati bering'i. Mukamanga nati, labala uja amagwira chitsulo chamkati ndi chakunja, ndiye wishbone ikamakwera ndi kutsika labalayo amangopotoka, ngati mmene chovala chimapotokera pochifinya. Mukamangira wishbone ili yolendewera ndiye kuti mwauza labala kuti pamenepo ndi pamene azipumulira, galimoto ikatsika amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo amakankhira galimotoyo m'mwamba, ali ngati kasipuling'i kena kowonjezera komwe simunakaitane. Choipa kwambiri si msinkhuwo, ndi chakuti mabushi atsopanowo amang'ambika msanga. Ngati munaika aja okhala ndi kachitsulo mkati omwe anthu amati a V8, poti anayambira pa MGB GT V8, ndiye lamuloli ndi lolimba kwambiri. Mabushi ambiri a polyurethane, aja ooneka ngati pulasitiki, amazungulira pa kapaipi kawo ndiye savuta chonchi, komabe ine ndimamangira pansi onse, palibe chomwe mumataya.

Chochita chake ndi ichi. Malizani kaye kumanga galimoto, thirani madzi, oyilo, petulo pang'ono theka la thanki. Masulani pang'ono manati a mabushi amkati a wishbone yapansi ndi bawuti yapamwamba yolumikiza kingpin ndi mikono ya shoko, osachotsa, kungowafewetsa. Ikankheni uku ndi uku, igwedezeni, kenaka mangani kulemera konse kuli pa matayala. Pansi pa MGB malo ndi ochepa ndikudziwa, ngati mulibe dzenje kwezani matayala onse anayi pa ma ramp kapena matabwa ochindikala ofanana bwino, handibuleki yokoka, ndi zotchinga matayala. Osaiwala ma split pin, tizitsulo totsekera manati tija, pomwe pamayenera kukhala.

Nkhani ya chibakera ndi zala zitatu ija tiisiye, tengani tepi. Pezani pansi posalala pa levulo, matayala mpweya wofanana, yezani kuchokera pakati penipeni pa wilo kukafika pamlomo wa mudigadi. Osayambira pansi pa simenti chifukwa pamenepo mwalowetsamo kukula kwa tayala ndi mpweya wake. Anthu a MGB ambiri amayeza kukafika pansi pa kamzere konyezimira kodutsa m'mbali mwa galimoto kaja, nazonso zili bwino bola muziyeza pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Lembani makona onse anayi papepala. Ndiye mugwade musuzumire pansi, wishbone yapansi ikuyenera kuoneka yogona pafupifupi mofanana ndi pansi, ndipo pakati pa labala wotchinga uja wa bump stop ndi pomwe amagunda pakhale mpata woonekeratu. Ngati wishbone yaloza pansi kwambiri kumbali ya tayala ndiyedi galimoto yakwera. Komanso musaiwale kuti zala zitatu zakale zija zinali za masipuling'i otopa, mwina maso anu anazolowera galimoto yogwada.

Zonsezi zitachitika, mwayendako nayo kuti zikhazikike, koma ikadali m'mwamba, apo ndiye tiwakayikire masipuling'iwo. MGB inapangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980 ndipo masipuling'i a kutsogolo sanali amtundu umodzi zaka zonsezo. GT, MGB ya denga lolimba ija yomwe inabwera mu 1965, ndi yolemerako ndiye ili ndi ake, za mabampala a labala zilinso ndi ake. Pa maso amafanana. Onani nambala ya pa bokosi, ndipo ngati akale aja simunataye aimikeni pambali pa atsopano muyeze kutalika, muwerenge makoyilo, muyezenso kunenepa kwa waya. Onaninso kuti sipuling'i yakhala bwino m'mbale yake pansi ndi pamwamba, ikakwera pamphepete imatukula galimoto.

Zodula ine ayi. Sipuling'i mukaichotsa koyilo imafupika inde koma imaumanso, chifukwa waya wotsala wopindika wachepa. Mapeto ake anawaphwatalitsa kuti akhale bwino m'mbale, mukadula patsala nsonga yomwe imakhala mopendama. Ndipo poti sipuling'i ili chapakati pa wishbone osati pa tayala penipeni, chomwe mwachotsa pa sipuling'i chimakula chikafika pa wilo, 1 cm apa imatha kukhala pafupifupi 2 cm uko, nde anthu amadula akuti pang'ono kenaka n'kupeza galimoto yakhala pa ma bump stop. Zootcha ndi gasi kuti ifwe pang'ono ndiye musayerekeze n'komwe, moto umapha kulimba kwa chitsulocho, imapitiriza kutsika yokha ndipo tsiku lina imathyoka.

Mukamachotsa masipuling'i samalani. Pa MGB timaika jeke yamatayala pansi pa mbale ya sipuling'i n'kumatsitsa pang'onopang'ono, koma njira imeneyi imadalira kulemera kwa injini, ngati injini mulibe jeke imangonyamula galimoto yonse sipuling'i osapanikizika. Dutsitsani tcheni kapena lamba wolimba mkati mwa sipuling'i mumangirire ku wishbone, ndipo nkhope yanu isakhale mbali yomwe ingathawire.

FUNSO: Bambo Amakaniko, Triumph Spitfire 1500 yomwe anandisiyira malemu bambo anga imapendekera mbali ya dalaivala, kutsogolo kukusiyana pafupifupi 2 cm. Ndinasintha masipuling'i a kutsogolo onse awiri koma palibe chasintha. Ndiike kachitsulo pansi pa sipuling'i ya mbali yotsikayo? — Mayi wokonda Spitfire

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kusintha onse awiri, ambiri amasintha imodzi. Koma poti atsopano sanasinthe kanthu ndiye kuti akale aja analibe mlandu, ndipo kachitsuloko kangobisa vuto lomwe lili pena.

Yambani ndi anti-roll bar, chitsulo chopingasa chija cholumikiza mawilo awiri a kutsogolo. Kuyambira pa Mk IV ya 1970 Triumph anasintha sipuling'i yam'mbuyo, ija yogona chopingasa pamwamba pa difu, kuti izitha kupendama pakati pake, anthu amati swing spring, cholinga chinali chakuti wilo yam'mbuyo isamapindikire mkati pa kona. Zotsatira zake kumbuyo sikulimbana kwenikweni ndi kupendekeka, ntchito yambiri yoimitsa galimoto mowongoka inapita kutsogolo ndipo anaikako anti-roll bar yonenepa. Ndiye chitsulo chimenecho chikapotoka pang'ono, kaya chinagunda mwala kaya wina anaikapo jeke, galimoto yonse imatsatira. Masulani kolumikizira mbali imodzi, kankhani galimoto pang'ono muyezenso. Ikawongoka mwachipeza. Chichotseni muchigoneke pansi posalala muona nsonga imodzi itadzuka.

Ikapanda kuwongoka tifufuze kuti vuto lili kutsogolo kapena kumbuyo, pakuti kona yam'mbuyo ikatsika kona yakutsogolo ya mbali inayo imadzuka, nde munthu amalimbana ndi kutsogolo pomwe wolakwa ali kumbuyo. Ikani jeke pakati penipeni pa chasisi kutsogolo, kwezani mpaka matayala onse awiri asiye pansi, muyeze kumbuyo. Ngati kukupendekabe vuto lili kumbuyo. Kenaka chitani chimodzimodzi kumbuyo muyeze kutsogolo. Musalowe pansi ikakhala pa jeke yokha, apa tikungoyeza m'mbali.

Chinanso pa Spitfire, bodi ndi chasisi ndi zinthu ziwiri zomangidwa ndi mabawuti. Zimatheka chasisi ili bwinobwino koma bodi yakhala mopendama chifukwa timalabala ta pakati tinaphwanyika kapena dzimbiri ladya pomangira, ndipo boneti yonse ija pamodzi ndi mamudigadi ake imatseguka ngati chinthu chimodzi ndiye ikangokhala mokhota tepi ikunamizani. Yezaninso kuchokera pa chasisi kufika pansi mbali zonse ziwiri. Poti mwagwada kale, onani ma trunnion, timikuwa tija tili pansi pa vertical link, chitsulo choimirira chonyamula wilo. Amafuna oyilo wa giya wa EP90, ndipo akauma amagwira, wishbone siibwerera pamalo pake, mapeto ake vertical link imathyokera pa ulusi wilo n'kupindikira pansi pa galimoto. Ichi chokha musachizengereze olo kupendekekako mutakuzolowera.

FUNSO: Achimwene, yanga ndi MGB ya 1977 ya mabampala akuda a labala. Ikaima pambali pa za mabampala onyezimira imaoneka yatalika miyendo ndipo pa kona imagona kwambiri. Ndikufuna ndiitsitse ifanane ndi zakalezo. Masipuling'i aafupi okha akwana? — Wa MGB yoyera

YANKHO: Maso anu sakukunamizani achimwene. Chakumapeto kwa 1974 MG anaika mabampala olemera aja ndipo anakweza galimoto yonse ndi inchi imodzi kapena kuposerapo pang'ono kuti ikwaniritse malamulo a ku America. Inuyo muli ndi mwayi pang'ono poti ya 1977 inabwera ndi anti-roll bar kutsogolo ndi kumbuyo komwe, za 1975 zopanda denga ndiye zinkagona zedi.

Apa pali kanthu koti mukamvetse musanagule chilichonse. Kutsogolo sanakweze ndi masipuling'i aatali chabe, anasintha crossmember, chitsulo chachikulu chopingasa chomwe chimanyamula zonse za kutsogolo, kuti bodi ikhale pamwambako. Ndiye kuti ma wishbone anu panopa ali pabwino kale. Mukaika masipuling'i aafupi bodi itsika inde, koma ma wishbone ayamba kuloza m'mwamba kumbali ya tayala, mpata wa pa bump stop uchepa, ndipo timikono ta chiwongolero tiyamba kupendama. Mukatsitsa mwanzeru, inchi imodzi basi, ndi masipuling'i opangidwira ntchito imeneyo, olimbirako pang'ono, pamodzi ndi ma bump stop aafupi, galimoto imayenda bwino ndithu ndipo anthu ambiri anachita choncho. Mukapitirira pamenepo muyamba kumva kugunda pa hampu iliyonse ndipo chiwongolero chizigwedezeka chokha wilo ikakwera pa kanthu.

Njira ina ndi kuika crossmember ya galimoto zakale, koma ndikuchenjezeni, imakoka zambiri, rack ya chiwongolero, chitsulo cha mano chokhotetsa mawilo chija, ndi ndodo yake sizikumana bwinobwino ndi zanu ndiye ntchito imakula. Kwa galimoto yongoyendera ine sindingavutike nazo. Ndipo osatsitsa kutsogolo kokha, kumbuyo kutsike mofanana, apo ayi muononga caster, kupendama kwa kingpin komwe kumabwezera chiwongolero pakati, ndipo magetsi aziwala pansi pa mphuno. Mukamaliza alainimenti ndi yokakamiza, msinkhu ukasintha toe ndi camber, komwe mawilo aloza ndi mmene apendamira, zimasinthanso, matayala atsopano atha mkati musanazindikire. Ekizozi nayo kumbukirani kuti yayandikira pansi.

FUNSO: Galimoto yanga yagwada kutsogolo, ndikaika mashoko atsopano idzuka? — Wowerenga wanu wa nthawi zonse

YANKHO: Ayi. Shoko sinyamula galimoto, ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha. Aja a gasi amatha kukankha pang'ono chabe koma osati kudzutsa galimoto yogwada. Yang'anani masipuling'i, nthawi zina koyilo yapansi imakhala inathyoka kale ili phee m'mbale yake mobisika ndi matope.

FUNSO: Amakaniko, ndagula Porsche 911 ya 1978 yomwe poyamba inagulitsidwa ku America. Kutsogolo kuli m'mwamba koma ndikasuzumira sindikuona sipuling'i iliyonse. Mnzanga wa Jaguar E-Type akuti yakenso ilibe ndipo kusintha msinkhu ndi ntchito ya tsiku lonse. Zoona? — Watsopano pa zakalezi

YANKHO: Masipuling'i alipo akulu, kungoti ndi ndodo zowongoka osati makoyilo. Amati torsion bar, ndodo yachitsulo yomwe mbali imodzi yagwidwa ku bodi, inayo ku wishbone, wilo ikakwera ndodoyo imapotoka n'kubwerera. 911 inayenda ndi zimenezi mpaka 1989 pomwe mtundu wake watsopano wa 964 unabwera ndi makoyilo. Za ku America za zaka zanuzo zinkatuluka zokwezedwa chifukwa cha malamulo a mabampala, ndiye yanuyo siyodwala.

Mnzanuyo akunena zoona za galimoto yake, osati yanu. Pa 911 kumapeto kwa ndodo iliyonse, chakumbuyo kwa wishbone, kuli kamkono kokhala ndi bawuti yosinthira msinkhu. Mukamanga ikwera, mukamasula itsika. Tsukani ulusi wake kaye muthire oyilo, kwezani galimoto kuti bawuti isalimbane ndi kulemera konse, ndipo muziwerenga mwazungulitsa kangati kuti mbali zonse zifanane. Tsitsani, kankhani, yezani, bwerezani. Porsche sayezera pa mudigadi, amayeza kuchokera pansi kufika pakati pa wilo, kenaka kuchokera pansi kufika pakati pa torsion bar, n'kuchotsera, ndipo pa msinkhu wa ku Ulaya kusiyanako ndi 108 mm. Kuphweka kwa bawutiyi ndi komwe kumapusitsa anthu, amatsitsa mpaka tayala kubisala chifukwa zikuoneka bwino pa chithunzi, kenaka chiwongolero chimayamba kulimbana nawo pa msewu wa mabampu. Otsitsa kwambiri amaika tizitsulo pansi pa rack kuti ikwere pang'ono timikono tiwongoke. Komanso mukapotoza mbali imodzi kuposa inzake galimoto imatha kuoneka yowongoka pomwe kulemera kwakhala pa mawilo awiri opingasana, pomanga buleki izikokera mbali, ndiye mukamaliza ikakwere pa masikelo anayi aja oyezera kulemera kwa pa wilo iliyonse kwa odziwa, pamodzi ndi alainimenti. Kumbuyo ndi nkhani ina yovutirapo, koma nako kuyenera kutsika mogwirizana.

E-Type za masilinda 6 zilibe bawuti yotere, V12 ya Series 3 yokha ndi yomwe inabwera ndi chosinthira. Pa zinazo ndodo imayenera kutuluka. Kutsogolo ili ndi mano 24, kumbuyo 25, ndipo anachita dala. Dzino limodzi kutsogolo ndi madigiri 15, kumbuyo ndi 14.4, ndiye mukasuntha dzino limodzi mbali zonse ziwiri mwasintha ndi 0.6 yokha, umo ndi mmene amapezera msinkhu wofunikawo pang'onopang'ono. Shoko amaichotsa n'kuikapo kachitsulo ka mabowo awiri ka muyezo wa m'buku kuti wishbone ikhale pamalo ake, kenaka amazungulitsa ndodo dzino ndi dzino mpaka mabowo a bulaketi yam'mbuyo akumane okha popanda kumenya ndi hamala.

Pa galimoto zonse ziwirizi, ndodo yakumanja ndi yakumanja, yakumanzere ndi yakumanzere, zimakhala ndi chizindikiro kumapeto. Inazolowera kupotokera mbali imodzi, mukaisinthanitsa imatha kuthyoka. Pofuna kuika chizindikiro chanu gwiritsani ntchito penti kapena choko, osati tchizulo kapena panchi pathupi pa ndodoyo, pakuti pamene mwakanda ndi pamene mng'alu umayambira. Mukaitulutsa n'kupeza dzimbiri lakumba timaenje, musaibwezere, gulani zonse ziwiri.